Mayiko akasiyana, katundu amadutsa bwanji pamalire?

Pakati pa tauni ya Livingstone, m'mbali mwa msewu waukulu wa Mosi-oa-Tunya, pali malo otchedwa Mukuni Park. Dzinali analitengera kwa Mfumu Mukuni ya anthu a mtundu wa Toka-Leya, amene akhala pafupi ndi mathithi aakulu a mtsinje wa Zambezi kuyambira kalekale. Pamalopa pali mitengo yamthunzi ndi mzere wautali wa timashopu togundizana. M'timashopumo mwadzaza ziboliboli: mvuu zonenepa, njovu, nyamalikiti wautali kuposa mwana wa zaka 6, kuphatikizapo ng'oma, madengu, zitenje ndi zibangili zamkuwa. Wogulitsa mmodzi yemweyo akhoza kupereka moni m'Chitonga, kunenererana nanu mtengo m'Chinyanja, n'kutsanzikana ndi mlendo wina m'Chingerezi.

Katundu wambiri wogulidwa pano sakhalitsa m'Zambia. Amalowa m'zikwama za alendo. Wina amakwera ndege, wina amawoloka mlatho wa pa mathithi, umene uli makilomita pafupifupi 10 kuchokera m'tauni. Tsidya lina la mlathowo ndi Zimbabwe. Mbali ino kuli ofesi ya a kasitomu, mbali inayo kulinso ina, ndipo lole iliyonse imaima kuti aone mapepala ake.

Tsono ana inu, tamvani izi. Agogo ena a ku Livingstone amakumbukira nthawi imene sitima yodzaza katundu wa ku Bulawayo inkawoloka mlatho umenewu osalipira msonkho wa pamalire. Amakumbukiranso nthawi ina imene malirewo anatsekedwa kwa zaka zoposa 5. Mlatho ndi womwewo, anaumanga mu 1905 ndipo ulipobe. Mtsinje ndi womwewo. Zimene zinkasintha ndi mapangano a pakati pa mayiko.

Msonkho wa pachipata

Boma lililonse limafuna ndalama zomangira sukulu, zipatala ndi misewu, ndipo malo osavuta kutolerapo ndalamazo ndi pachipata cholowera m'dziko. Tiyerekeze kuti wamalonda wagula bulangete kunja pa K200. Pachipata a kasitomu akumuuza kuti pa K100 iliyonse alipire K25. Bulangete lija tsopano lamudyera K250, ndiye sangaligulitse motsika kuposa pamenepo. Amene adzalipire kwenikweni msonkhowo ndi amayi anu, tsiku limene adzaligule pamsika. Boma lapeza ndalama, ndipo fakitale ya mabulangete ya m'dziko momwemo yasangalala, chifukwa bulangete lakunja lakwera mtengo.

Koma dziko loyandikana nalo silingangoyang'ana. Nalonso limaika msonkho wake pa katundu wochokera kwa inu, ndipo onse awiri mumayamba kugulitsana pang'ono. N'chifukwa chake mayiko amakhala pansi n'kupangana kuti, iwe usalipiritse katundu wanga, inenso sindilipiritsa wako. Ena amapitirira pamenepo. Amakhala ndi ndalama imodzi, njanji imodzi, positi imodzi, ndiponso msonkho wofanana kwa anthu onse akunja. Zikafika apa mayikowo amakhala atalukana kwambiri, ndipo tsiku limene mmodzi wafuna kutuluka pamakhala ntchito yaikulu yomasula.

Zimenezi zinachitikapo kwathu kuno.

Chitaganya

M'chaka cha 1953 boma la Britain linamanga pamodzi mayiko atatu amene linkawalamulira. Panali Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, ndi Nyasaland, imene lero ndi Malawi. Mgwirizanowu anthu ankautcha Chitaganya, ndipo likulu lake linali Salisbury, mzinda umene masiku ano timati Harare. Boma la Chitaganya ndilo linkatolera msonkho wa pamalire, kuyang'anira ndalama, njanji, positi, ndege ndi asilikali. Nsapato kapena sopo wopangidwa ku Bulawayo ankafika ku Livingstone, ku Lusaka ndi ku Blantyre ngati wangochoka boma lina kupita boma lina m'dziko limodzi.

Zikumveka zabwino, eti? Komatu anthu akuda ambiri a ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland anachikana chisanayambe n'komwe, ndipo mawu awo sanamvedwe. Mphamvu zinali m'manja mwa azungu ochepa, makamaka a ku Southern Rhodesia. Ndalama zambiri za msonkho wa mkuwa wokumbidwa ku Kitwe, Mufulira, Luanshya ndi Chingola zinkapita ku Salisbury, ndipo mafakitale ambiri ankamangidwa kumwera komweko. Nyasaland inkangotumiza amuna ake kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a eni. Atsogoleri monga a Harry Nkumbula, a Kenneth Kaunda ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda analimbana nacho Chitaganya, ndipo ena mwa iwo anamangidwa. Dr. Banda anawagwira pa 3 Malichi 1959 n'kukawatsekera kundende ya ku Gwelo, kumene lero ndi ku Gweru.

Britain itaona kuti zakanika, inaitanitsa msonkhano kumapeto kwa Juni ndi kumayambiriro kwa Julayi 1963. Msonkhanowo unachitikira ku hotela ya Victoria Falls, tsidya lina la mlatho uja, ndipo anautsogolera ndi nduna ya ku Britain dzina lake R. A. Butler. Nkhani inali imodzi: kugawana za Chitaganya. Pa 31 Disembala 1963 Chitaganya chinatha. Malawi inalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, ndipo Zambia pa 24 Okutobala chaka chomwecho.

Taganizani za abale atatu amene akhala akudyera pamodzi, kenako agwirizana kuti aliyense aziphika kwake. Mbale ndi makasu angagawane tsiku limodzi. Nanga chitsime? Nanga ngolo imodzi ija? Nanga ngongole imene anatenga ali limodzi?

Ngongole za Chitaganya anagawanadi. Southern Rhodesia inasenza zoposa theka, Nyasaland inasenza zochepa kuposa onse. Ndalama nazo zinasiyana. Mu 1964 dziko lililonse linatulutsa mapaundi akeake, kenako Zambia inayamba kwacha mu 1968, ndipo Malawi inayamba kwacha yake mu 1971. Pa Mukuni Park mukhoza kukumana ndi wogulitsa atagwira ndalama yapepala ya ku Zimbabwe ya madola 100 thiriliyoni, imene inatuluka mu 2009. Ili ndi maziro 14, ndipo kumbuyo kwake anajambulako mathithi omwewa ndi njati. Inatuluka pa nthawi imene mitengo ya zinthu ku Zimbabwe inkakwera tsiku ndi tsiku, moti posakhalitsa sinkagula ngakhale buledi. Lero alendo amaigula ngati chikumbutso. Mayiko atatu aja akanakhala kuti akugwiritsabe ntchito ndalama imodzi, vuto limenelo likanalowa m'matumba a anthu a ku Chipata ndi a ku Zomba omwe.

Zinthu zina zinatenga nthawi. Kampani ya ndege ya Central African Airways inapitiriza kutumikira mayiko atatuwo mpaka 1967, pamene inagawikana kukhala Zambia Airways, Air Malawi ndi Air Rhodesia. Njanji ya Rhodesia Railways inakhala ya Zambia ndi Rhodesia (Southern Rhodesia ija) limodzi mpaka chaka chomwecho, pamene Zambia Railways inabadwa.

Koma panali chinthu chimodzi chosagawika. Pakati pa ziboliboli za pa Mukuni Park mupezapo tokongoletsa m'khosi tokhala ndi mutu wa nsomba ndi thupi lopindikapindika la njoka. Ameneyo ndi Nyaminyami, amene Atonga a m'chigwa cha Zambezi amati ndi mwini mtsinje, ndipo nkhani yake imayendera limodzi ndi damu la Kariba. Damulo linamangidwa ndi boma la Chitaganya n'kutha mu 1959, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa kuti madzi adzaze m'midzi yawo. Khoma la damu linayamba gombe la Zambia n'kukathera gombe la Zimbabwe. Mungalidule pakati? Madzi onse angathawe. Choncho anakhazikitsa bungwe la mayiko awiri loti liziyang'anira damulo ndi magetsi ake, ndipo mu 1987 ntchito yosamalira damu inapita ku bungwe la Zambezi River Authority, limene likugwirabe ntchito lero. Ngakhale pa zaka zimene maboma awiriwo sankalankhulana bwino, magetsi a ku Kariba sanaleke kufika ku migodi ya mkuwa.

Pamene madzi anafika m'khosi

Zambia ilibe doko la panyanja yamchere. Pa nthawi ya ufulu, pafupifupi mkuwa wake wonse unkakwera sitima n'kudutsa pa Livingstone, pa mlatho uja, ku Bulawayo, mpaka kukafika ku madoko a Beira ndi Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo. Malasha osungunulira mkuwawo ankachokera ku Wankie, lero Hwange, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa mathithi. Petulo ankachokera kumwera. Makina opangira magetsi a ku Kariba anali gombe lakumwera. Zambia inatuluka m'Chitaganya, koma njira zake zonse zinkalozabe kwa mnzake amene yasiyana naye.

Pa 11 Novembala 1965 a Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia, analengeza kuti dziko lawo ladziimira palokha popanda chilolezo cha Britain, pofuna kuti azungu ochepa apitirize kulamulira anthu akuda ambirimbiri. Bungwe la United Nations linauza mayiko kuti aleke kuchita malonda ndi Rhodesia, ndipo a Kaunda, mtsogoleri wa Zambia, anagwirizana nazo. Mu Disembala chaka chomwecho mafuta a galimoto analeka kubwera kuchokera kumwera. Anthu anayamba kugula petulo mochita kuyezeredwa. Ndege za Britain, Canada ndi America zinkatuta mafuta kubweretsa ku Zambia. Malole ankanyamula migolo ya mafuta kuchokera ku Dar es Salaam pa msewu wafumbi m'chilimwe ndi wamatope m'dzinja, woopsa kwambiri moti madalaivala anaupatsa dzina lakuti Hell Run.

Akuluakulu amati walira mvula walira matope. Zambia inayenera kufunafuna abwenzi atsopano, kusaina mapangano atsopano, ndi kumanga njira zatsopano, zonsezi mofulumira. Inapangana ndi Tanzania, dziko la a Julius Nyerere, n'kuyala paipi ya mafuta ya TAZAMA kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola. Paipiyo ndi yaitali makilomita 1,710 ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1968. Inatsegula mgodi wake wa malasha ku Maamba, m'chigawo chakumwera. M'zaka za m'ma 1970 inamanga malo opangira magetsi ku Kafue Gorge ndiponso gombe lakumpoto la Kariba. Chachikulu pa zonse chinali njanji. Mayiko a azungu atakana kupereka ndalama, China inavomera, ndipo mayiko atatuwo anasaina pangano ku Beijing mu 1967. Ntchito inayamba mu 1970 n'kutha mu 1975. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam, inaperekedwa kwa eni ake mu 1976.

Njanjiyo isanathe, zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Pa 9 Januwale 1973 a Smith anatseka malire, ponena kuti Zambia ikusunga asilikali omenyera ufulu wa Zimbabwe. Anati mkuwa wokha ndiwo uzidutsa, popeza unkabweretsa ndalama zambiri ku njanji yawo. A Kaunda anakana. Patangotha milungu yochepa a Smith anatsegula mbali yawo, koma Zambia inasiya mbali yake ili chitsekere.

Chinthu choseketsa pang'ono chinachitika mu Ogasiti 1975. Atsogoleri anafuna kukambirana zothetsa nkhondo ya ku Rhodesia, koma palibe amene ankafuna kupita kwa mnzake. Ndiye anatenga mabogi a sitima ya ku South Africa n'kuwaimika pakati penipeni pa mlatho, pamwamba pa phompho la mamita oposa 100. A Smith ndi anthu awo anakhala mbali ya Rhodesia ya bogi, ndipo atsogoleri a anthu akuda a ku Rhodesia, a Abel Muzorewa, a Joshua Nkomo ndi a Ndabaningi Sithole, anakhala mbali ya Zambia. A Kaunda analipo, a John Vorster, mtsogoleri wa South Africa, analiponso. Anakambirana maola 9 ndi theka, n'kubalalika osamvana.

Mwezi womwewo njanji ya ku Benguela, yodutsa ku Angola, inatsekeka chifukwa cha nkhondo ya kumeneko. TAZARA ndi doko la Dar es Salaam zinalephera kunyamula katundu yense. Mu Okutobala 1978, mvula ili pafupi ndipo feteleza wa alimi atakakamira ku madoko, a Kaunda anatsegulanso njanji ya kumwera ngakhale nkhondo inali isanathe. Sanatero chifukwa chakuti anayamba kuwakonda a Smith ayi. Chimanga sichidikira ndale. Zimbabwe inadzalandira ufulu pa 18 Epulo 1980.

Tauni ya Livingstone inaona zakuda pa zaka zimenezo. Tauni ya pamalire, malire atatsekedwa, nkhondo ili tsidya la mtsinje, alendo odzaona mathithi anachepa kwambiri. Boma linayesa kulimbikitsa mafakitale kuti dziko lizidzipangira lokha zimene linkagula kumwera, moti ku Livingstone kunali fakitale yolumikiza galimoto za Fiat. Mafakitale ambiri oterewa ankakhalapo chifukwa msonkho unkatchinga katundu wakunja. Msonkhowo utatsitsidwa m'zaka za m'ma 1990, ambiri anatsekedwa, ndipo tauniyi inabwerera kudalira alendo.

Malawi inasankha njira ina. Dr. Banda anati dziko losauka ndi lopanda doko silingayambane ndi eni njira. Anapitiriza malonda ndi Rhodesia, anasaina pangano la malonda ndi South Africa mu 1967, ndipo mu 1970 njanji ya Malawi inalumikizidwa ndi doko la Nacala ku Mozambique, imene nthawiyo inkalamulidwa ndi Apwitikizi. Mayiko ambiri a mu Africa anamudzudzula kwambiri chifukwa South Africa inali pansi pa ulamuliro wa tsankho. Ine ndimaona kuti a Kaunda anasankha njira yolemekezeka, koma sindingabise kuti anthu wamba a ku Zambia anailipira modula, ndi mizere ya m'mashopu ndi kusowa kwa zinthu. Ndipo pali kanthu kena kochititsa chidwi: pangano la msonkho limene Chitaganya chinasaina mu 1956 ndi Bechuanaland, imene lero ndi Botswana, Malawi inapitiriza kuligwiritsa ntchito kwa zaka zambirimbiri Chitaganyacho chitafa kale.

Kulukananso, koma mwakufuna

Mayiko aja atakhala paufulu anayambanso kufunana. Mu 1980 mayiko 9 anakumana ku Lusaka n'kuyambitsa bungwe limene linadzakhala SADC. Mu 1981 ku Lusaka komweko kunasainidwa pangano lina lotsitsirana msonkho, ndipo mu Disembala 1994 ku Lilongwe linasanduka COMESA, imene likulu lake lili ku Lusaka. Pa 31 Okutobala 2000 mayiko 9 a mu COMESA, kuphatikizapo Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, anachotserana msonkho wa pamalire pa katundu wopangidwa m'mayiko mwawo. Abale atatu aja anakumananso, koma ulendo uno aliyense analowa yekha, ali ndi boma lake, mbendera yake ndi ndalama yake.

Mwina mwafunsa kale kuti, ngati msonkho unachotsedwa, malole amaimiranji pachipata? Yankho lili pa mawu akuti "wopangidwa m'mayiko mwawo". Tiyerekeze kuti munthu wochenjera waitanitsa wailesi kuchokera kudziko lakutali, waifikitsa ku Lusaka, waimata kapepala, n'kupita nayo ku Lilongwe akunena kuti ndi ya ku Zambia. Akanaloledwa, msonkho wa Malawi pa katundu wakutali ukanakhala wopanda ntchito. Choncho katundu amayenda ndi satifiketi yosonyeza kumene anapangidwa. Chiboliboli chosemedwa ku mudzi wa Mukuni pa mtengo wa m'nkhalango ya ku Zambia sichivuta, ndi cha ku Zambia chonse. Malaya osokedwa ku Lusaka pa nsalu yochokera kunja ndiye amafuna masamu. Lamulo limodzi la COMESA limati ntchito ndi zipangizo za m'deralo zifike pa 35 pa 100 iliyonse ya ndalama zopangira chinthucho. Kupatula apo, pachipata amaonanso ngati mbewu zilibe matenda, ngati m'katundu mulibe minyanga ya njovu, ndi misonkho ina imene imalipiridwa ngakhale pa katundu wa m'dziko momwemo.

Mapepala oterewa ndi olemetsa kwa amayi amene amawoloka ndi matumba awiri a nyemba kapena mtolo wa zitenje. N'chifukwa chake COMESA inakonza njira yachidule ya amalonda ang'onoang'ono. Ngati katundu sakuposa madola 2,000 a ku America, ndipo ali pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana, wamalonda amalemba fomu yaifupi pachipata pomwepo. Njirayi imagwira ntchito pa chipata cha Victoria Falls, komanso pa Mwami ndi Mchinji.

Mu COMESA namonso ena anatulukamo. Mozambique ndi Lesotho anachoka mu 1997, Tanzania mu 2000, Namibia mu 2004. Tanzania inkaopa kuti msonkho ukachotsedwa wonse, boma litaya ndalama ndipo mafakitale ake agonja. Kodi malole analeka kudutsa pa Nakonde kapena pa Songwe, zipata zolowera ku Tanzania? Ayi. Mayiko onsewa analinso mu SADC, imene inali ndi pangano lake la malonda losainidwa ku Maseru mu 1996, ndipo linafika pochotserana msonkho wambiri mu 2008. Wamalonda anangosintha satifiketi, ya COMESA n'kutenga ya SADC, ngakhale malamulo a SADC oonera kumene katundu wapangidwa ndi ovutirapo. Malawi ndi Mozambique anawonjezera pangano lawolawo mu 2005. Ndipo chaka chimene Namibia inatuluka, ndi chaka chomwenso anatsegula mlatho wa pa Zambezi wolumikiza Sesheke ndi Katima Mulilo. Kusiyana kwa kutuluka kumeneku ndi kwa 1963 n'kwakuti apa panali pangano lina lodikira kale, ndiponso panalibe njanji, ndalama kapena damu loti agawane.

Za ku Britain

Zaka zaposachedwapa, Britain yemweyo amene anamanga ndi kumasula Chitaganya anakumana nazo yekha. Pa 23 Juni 2016 anthu a kumeneko anavota, ndipo 52 pa 100 alionse anasankha kutuluka mu European Union, m'mene anakhala kuyambira 1973. Anatuluka pa 31 Januwale 2020, koma pangano latsopano la malonda anamvana pa 24 Disembala 2020, kutangotsala sabata imodzi kuti malamulo akale athe mphamvu. Panganolo ndi la masamba oposa 1,200. Linachotsa msonkho pa katundu wopangidwa mbali ziwirizo, koma linabweretsa mafomu ndi kuyendera katundu pa madoko, zimene kale kunalibe.

Sizinathere pomwepo. Mapangano onse amene European Union inali nawo ndi mayiko ena analeka kukhudza Britain. Nthumwi zake zinayenera kuyenda m'mayiko oposa 60 kukakopera mapanganowo ndi kusainanso. Zimbabwe inasaina lake mu 2019, ndipo South Africa, Botswana, Namibia, Lesotho, Eswatini ndi Mozambique anasaina limodzi chaka chomwecho. Zambia ndi Malawi zili m'gulu la mayiko amene United Nations imawaika pakati pa osauka kwambiri, ndipo katundu wawo ankalowa mu European Union mopanda msonkho, kupatula zida zankhondo. Britain inalemba lamulo lake lopitiriza zimenezo, ndipo kuyambira Juni 2023 ili ndi dongosolo latsopano lokhudza mayiko 65. Akanapanda kutero, mavoti a anthu a ku Britain akanasokoneza malonda a tiyi wa ku Mulanje ndi shuga wa ku Nchalo.

Mlatho wokhota

Makilomita pafupifupi 70 kumadzulo kwa Livingstone kuli Kazungula, pamene Zambia, Botswana, Zimbabwe ndi Namibia zimayandikana kwambiri. Malire a Zambia ndi Botswana pamenepa ndi aafupi zedi, mamita pafupifupi 150 okha pakati pa mtsinje. Pa zaka zimene mlatho wa pa mathithi unali wotseka, pantoni ya pa Kazungula ndiyo inali khomo la Zambia lolowera kumwera osaponda Rhodesia, ndipo mu 1979 asilikali a Rhodesia anaimiza. Mtendere utabwera pantoni zinapitiriza kuwolotsa malole ochepa chabe pa ulendo, ndipo madalaivala ankagona pamzere masiku angapo.

Pa 10 Meyi 2021 anatsegula mlatho wa mamita 923. Mukauona pa mapu a pa intaneti mudzadabwa kuti sunawongoke. Anaukhotetsa dala kuti usalowe m'madzi a Zimbabwe kapena a Namibia, popeza pangano loumanga linali la Zambia ndi Botswana. Pamenepa a kasitomu a mayiko awiriwo amagwirira ntchito m'nyumba imodzi, ndipo lole imaima kamodzi m'malo mwa kawiri. Njira yomweyi inayamba ku Chirundu mu 2009, ndipo inafika pa Mwami ndi Mchinji mu 2022. Botswana sili mu COMESA, ndiye satifiketi yoyenda nayo pa Kazungula ndi ya SADC.

Ntchito ya sabata ino

Funsani chilolezo kwa amayi kapena agogo, mutenge zinthu zitatu za m'nyumba, monga paketi ya shuga, sopo ndi botolo la mafuta ophikira. Werengani kumbuyo kwake kuti zinapangidwa kuti. Ngati n'zakunja, yang'anani pa mapu kuti zinalowera chipata chiti.

Kenako yesani funso ili. Malole atatu anyamuka tsiku limodzi. Yoyamba yanyamula shuga wa ku Nchalo kupita ku Chipata. Yachiwiri yanyamula mpunga wa ku Kyela ku Tanzania kupita ku Karonga. Yachitatu yanyamula tiyi wa ku Kenya kupita ku Lusaka. Kenya ili mu COMESA koma sili mu SADC. Ndi dalaivala uti amene angagwiritse ntchito satifiketi ya SADC yokha, uti ya COMESA yokha, ndipo ndi uti amene angasankhe pakati pa ziwirizi?